Sabata yanga yosiya kubetcha

Lolemba
Lachisanu alekichala akubwera kuchokera ku koleji kudzandionera ndikuphunzitsa Giredi 7 kuno ku Pembamoyo. Mutu wake: kuipa kwa juga. Aheditichala asankha ine, ati ndimaoneka wofatsa! Ine amene bonasi yanga imathera pa mpira wa pafoni.
Kuyambira lero:
osabetcha
osaonera mpira kwa ogulitsa zakumwa
kulemba phunziro
Ndikutha ndithu.

Lachiwiri
Zala zikuyabwa. Ndasesa nyumba kawiri. Gift, mnzanga wa ku koleji amene tikuphunzitsira limodzi, wandilowetsa m'gulu la pafoni. Muli munthu wina, amati Profesa, akuti amadziwa zigoli masewera asanayambe. Sindikubetcha ayi. Ndikungofufuza za phunziro.

Lachitatu
Kafukufuku wadya K50. Profesa akuti ndimutumizirenso manambala asanu ndi imodzi amene abwera pa meseji, kuti andilembetse. Ndatumiza. Munthu waulemu, amanditchula kuti "bwana mphunzitsi". Phunziro ndalemba mutu wokha, koma ndaulemba bwino.

Lachinayi
Akaunti yanga ya mauthenga a pafoni siikutseguka, Profesa wailanda ndi manambala aja! Gift wabwera akuthamanga: anthu onse a mufoni mwanga alandira uthenga wakuti ndagundidwa ndi minibasi, ndili m'chipatala ku Chipata, atumize ndalama mwamsanga ku nambala ina yachilendo. Ndakwera pachulu kusaka netiweki. Ena ndawapeza. Amayi ku Mlolo foni yawo siikupezeka. Ndikungoyendayenda, kudya kwakanika.

Lachisanu
Alekichala atsika pa njinga yamoto, andiyang'ana miyendo. "Mwatuluka liti? Uthenga wanu ndinaulandira." Ndawauza zonse, nditaima pakhomo la kalasi. Angoti, "Lowani, muphunzitse zomwezo." Choko chathyoka katatu. Ana amvetsera kuposa masiku onse. Mamakisi alekichala sanandiuze, ati tikambirana ku koleji.

Loweruka
Amayi afika m'mawa pa njinga ya hayala, atanyamula bulangeti ndi fulasiki ya phala. Atamva uthenga uja kwa anthu, anagulitsa mbuzi yawo yabere, ndalama n'kutumiza ku nambala ija. Andigwira mutu, mapewa, mawondo. Akhala pansi, alira pang'ono. Nditafotokoza sanakalipe. Angofunsa, "Nanga mbuzi yangayo yapita ku timu iti?" Bola akanandimenya. Gift wazimiririka, ati wapita ku boma kukameta.

Lamulungu
Ku tchalitchi akulu a mpingo ayamika Mulungu pondichiritsa msanga. Amvano aimba, ena alulutira. Amayi andigunda ndi chigongono mpaka ndaimirira n'kunena zoona. Kenako wina kumbuyo wafunsa monong'ona ngati Profesayo analondolako chigoli ngakhale chimodzi.
Patchuthi ndikalima mtedza wa amayi, munda wonse, ndekha. Foni yanga aimanga pansonga ya chitenje, apita nayo ku Mlolo. Andisiyira yawo ya mabatani, yomanga ndi mphira. Mpira mulibe. Muli tochi.