Tsiku Limene Ndinaitana Fodya Kudzalandira Mbewu

Mpaka lero ndikamadutsa ku Bowe sindiimitsa njinga yamoto. Ndimangokweza dzanja n'kuwonjezera moto, chifukwa alipobe anthu amene akukumbukira.

Matipate atangoyamba, mabungwe anachuluka ngati bowa, ndipo limodzi linandilemba ntchito ku Madisi. Mu ofesi munali kompyuta imodzi, yofunditsidwa chitenje kuopa fumbi, ndipo katswiri wake ndinali ine (kunena zoona, ndinkangodziwa poyatsira). M'kompyutamo ndinkasunga tebulo, ndiye kuti mndandanda wa makalabu a alimi. Mzere uliwonse unali kalabu imodzi, ndipo pamwamba panali mitu itatu: chimanga, mtedza ndi fodya. Mvula ikayandikira ndinkalamula pulogalamu ya ziwerengero kuti idule tebulolo dera ndi dera, n'kusindikiza mayina a makalabu olandira mbewu ya mtedza.

Madera onse anali ndi makalabu angapo, kupatula lina la kuseri kwa Bowe. Kumeneko kunali kalabu imodzi yokha, ya Tiyesenso, yotsogozedwa ndi mayi Nachisale. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pulogalamu ija ukaipempha mzere umodzi, imaganiza kuti tebulo silikufunikanso. Imaliphwasula n'kukupatsa manambala ongondandalika. Powabwezera m'tebulo, manambala aja anaima chotsika, mitu ija n'kulowa pamalo pa mayina a makalabu. Ine osawerenga n'komwe, ndinangopinda pepala n'kuika m'thumba la shati (kompyuta singaname, ndinkatero masiku amenewo).

Tsiku logawa mbewu kudera lija, anthu anadzaza pabwalo la tchalitchi. Ndinaimirira n'kukhosomola kaye ngati nduna.

"Kalabu ya Chimanga!"

Kunangoti zii.

"Kalabu ya Mtedza!"

Anthu anayamba kuyang'anizana. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, koma ine ndinakweza mawu.

"Kalabu ya Fodya!"

"Ameneyo tamusiya kunazale, achimwene, sanayambe kuyenda!" anakuwa bambo wina kumbuyo, ndipo bwalo lonse linafa ndi phwete.

Mayi Nachisale sanaseke. Anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu, "Pepani bambo, ife dzina lathu sitinalimve. Minda tinagalauza kale, ndipo mbewu ina tilibe." Manyazi aja anasanduka chisoni, ndinasowa poyang'ana.

Bwana wanga, a Kamwendo, sanachulutse zonena. "Wosalembedwa salandira. Mukonze pofika Lachisanu, apo ayi matumbawa apita ku Ntchisi."

Nditabwerera ku ofesi ndinasolola buku lalikulu la pulogalamu ija, lomwe tinkatsekerezera chitseko kuti mphepo isachimenye. Ndinalisanthula tsiku lonse la mawa lake, mpaka ndinapeza timawu tiwiri tokha ta Chingerezi, drop = FALSE. Ukatilemba podula, pulogalamu imasunga tebulo momwe lilili, ngakhale patsale mzere umodzi. Ndinasindikizanso, ndipo Tiyesenso inatuluka pamalo pake. Ndinavina ndekha mu ofesi (mlonda anandiona pawindo, koma ndi munthu wosunga chinsinsi).

Lachinayi ndinaperekeza matumba aja ndekha, mitambo itayamba kale kuda cha kumapiri. Amayi analulutira, koma mayi Nachisale anayamba atenga pepala lija n'kuliwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata chilembo chilichonse.

"Chaka chamawa muzibwera nalo kwa ine kaye, bambo," anatero. "Ndiliwerenge musanaime nalo pagulu."

Ndinavomera, ngakhale mumtima ndinkati vuto latha, palibenso chimene angapezemo. Chaka chotsatira ndinapita nalo monyadira, ndipo anapezamo cholakwa china.