Ufa wa pamaliro ku Nyampande

Mkazi wanga anandiletsa kufotokoza nkhaniyi, koma poti ku Nyampande ngakhale ana amaidziwa, bola muimve kwa mwiniwakene ena asanaithire mchere.

Tinachoka kwathu ku Mulanje madzi atakokolola munda ndi nyumba yomwe. Titaoloka malire a dziko, tinafika m'boma la Petauke ine, mkazi wanga ndi ana, zovala zili m'thumba la feteleza. Bambo ena a kutchalitchi, a Daka, anatibwereka kanyumba kuseri kwa nyumba yawo, ndipo anati mwina adzatidulira kachigawo ka dimba kumtsinje, abale awo akaona kaye khalidwe langa. Dimba limenelo ndinkalilota ndili maso. Popanda ilo tikanangokhala anthu a ganyu mpaka kalekale.

Ndiye khalidwe ndinkalionetsa, abale. Moni ndinkapereka ngakhale kwa mbuzi. Chimene anthu a kuno achita, ine ndinkachichita moposa (nzeru imeneyi ndinaipeka ndekha, palibe anandiphunzitsa).

Kenaka amalume a bambo Daka, nkhalamba yotheratu, anatisiya. Ndinavala jekete langa lokhalo n'kukakhala kwa azibambo pansi pa mtengo wa mango, nkhope nditaigwetsa kuposa anamfedwa eni ake.

Dzuwa litakwera kunatulukira amai Chanda, aphunzitsi a pasukulu yapafupi, atanyamula kambale ka ufa. Anapita molunjika kwa a Daka n'kuwapaka ufawo mutu wonse, mpaka m'makutu.

"Mwamupha ndimwe mdala uyu," anatero amai Chanda. "Munali kumudyetsa mbeba chabe."

Kwathu munthu wotere amam'tulutsa atam'nyamula. Koma a Daka anangoseka, ufa ukuyoyoka m'nsidze, ndipo anthu anaseka nawo, ngakhale amayi amene ankalira pakhonde. Aphunzitsi ena amene anabwera nawo anayambanso kupaka aliyense wachibale.

Apa m'pamene mutu wanga unandigulitsa. Ndinaganiza kuti kuno ndiye mapepesedwe ake amenewa, ndipo amene sakupaka ufa ndi wouma mtima. Kufunsa sindinafunse (ndinkaopa kuoneka mlendo, ngati kuti panali wina amene sankadziwa). Ndinazemba kupita kumene azimayi ankaphika n'kutapa ufa wodzaza chipewa changa.

Ndinayamba ndi a Daka, pamwamba pa ufa wakale uja. Sanaseke, koma ndinati mwina atopa. Ndinapita kwa mlongo wawo. Kenaka kwa mkulu wa mpingo, amene anali atatsegula Baibulo, moti ufa wina unagwera mu Masalimo. Poona kuti anthu angoti zii, ndinakumbukira kuti ndaiwala mawu, paja aphunzitsi aja ankapaka uku akunyoza. Ndiye ndinaima pakati n'kulengeza mokweza kuti banja lonseli ndi lomana, nkhalamba yafa ndi njala nkhuku zili mbwee pabwalo.

Zinkamveka ndi nkhuku zomwezo basi. Kwa azimayi kuja, mkazi wanga anafunda chitenje kumutu.

"Bambo," anatero a Daka pang'onopang'ono, akupukuta m'maso, "kodi imwe ndimwe a mtundu bwanji?"

"Ndine Mlomwe, bambo."

"Manje ufa uyu mwatipaka monga ndani?"

Mkulu wa mpingo uja ndiye anandifotokozera, uku akukuntha Baibulo lake. Anati zimenezi ndi chimbuya, chibale cha nthabwala cha pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa kuno. Mubemba, monga amai Chanda, akhoza kunyoza Mnsenga, monga a Daka, pamaliro, Mnsenga n'kukabwezera pamaliro a Mubemba, popanda wokwiya. Wina aliyense akachita zimenezo ndiye kuti wangotukwana anamfedwa. Ine ndinali nditatukwana banja lonse loyenera kugamula za dimba langa, chikhalirenicho ndili m'jekete.

Ndinagwada pomwepo. Mantha anandigwira enieni, chifukwa ndinkaona dimba likupita, kanyumba kakupita, ife tikubwerera kumsewu ndi ana. Mlongo wa a Daka ananena poyera kuti munthu wamwano chonchi iye sangalime naye moyandikana.

Anandipulumutsa ndi amai Chanda, ngati kumeneko n'kupulumutsa. Anabwera n'kundigwira kolala.

"Musiyeni, uyu ni wathu," anatero. "Ni Mubemba wosochela, anabadwila kutali. Tizamuphunzitsa ise." Atatero anandiyang'ana. "Koma mbuya sapaka chabe ufa, amagwila nchito ya malilo. Vula jekete. Manda akuyembekeza."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. A Daka anayesa kulimba, koma nawonso chinawagonjetsa. Tsiku limenelo ndinakumba manda, ndinatema nkhuni, ndinatunga madzi, Abemba anzanga atakhala pamthunzi n'kumandiuza kuti ndikuchedwa.

Dimba anandipatsa mvula itatha, ndipo kabichi wake ndi amene akuphunzitsa ana. Mlongo wa a Daka ndiye ali malire ndi ine, ndipo akafuna kubwereka keni yothirira amaitana kuti "iwe wa ufa". Koma Ubemba uja sunandichoke. Maliro akagwa kulikonse m'dera lino, amatuma munthu kudzatenga Mubemba wa ku Mulanje pamodzi ndi khasu lake.

Tsiku lina ndinakadandaula kwa a Daka kuti ine Chibemba sindidziwa ngakhale moni wake, nanga ndizifera chiyani. Anandiuza kuti ndisade nkhawa, chimbuya sichiiwala munthu. Tsiku langa likadzafika, Ansenga onse adzabwera ndi ufa kudzapaka mkazi wanga, n'kulengeza kuti iye ndiye anandipha ndi nyama ya pusi, paja Abemba amawanyoza kuti amadya apusi.

Mkazi wanga atamva zimenezi anandichenjeza kuti ndisayerekeze kufa iye ali moyo. Ndiye pano ndimadzisamala kwambiri, ndipo ndikaona anthu akuchita zachilendo, ndimayamba ndapisa manja onse m'thumba.