Mbava ya injini pa chinkhoswe cha Chisomo

Mpaka lero ndikafika ku Senga Bay sindidutsa njira ya kumsika wa nsomba. Ndimazungulira kutali, ndipo wakabaza akafunsa chifukwa ndimangoti ndimakonda kamphepo ka uko. Bodza lenileni. Ndi manyazi.

Amalume anga anali loya wa boma zaka zambirimbiri, aja ovala mkanjo wakuda ndi kawigi koyera, oimira boma pa milandu. Atatopa ndi makhothi analowa ndale, nakhala phungu maulendo awiri, kenako anapuma n'kukakhala kunyanja kumaweta abakha. Ine ndinakulira m'nyumba mwawo ndipo ndimawanyadira mopitirira muyeso. Matenda anga ndi amenewo, kuphatikizapo pakamwa.

Tsiku la chinkhoswe cha Chisomo, mwana wawo wotsiriza, anandipatsa maikolofoni kuti ndiwadziwitse akuchimuna za banja lathu.

"Mphindi ziwiri zokha," anatero azakhali, akazi awo a amalume, atandifinya dzanja. (Amandidziwa.)

Ndinayamba bwino ndithu. Ndinatchula za sukulu, za uloya, za milatho ya nthawi ya uphungu. Amayi ena analulutira. Abale anga, nthungululu ndi mowa! Ndinaledzera pomwepo.

"Kodi munamvapo za mbava ya injini za maboti?" ndinafunsa.

Nkhaniyi ndinaimva ndili mwana, ndipo chaka chilichonse ndinkaithira kamchere. Ndinafotokoza mmene mbavayo inabera injini zitatu n'kuzikwirira mumchenga, pansi pa thandala loyanikapo usipa. Ndinafotokoza mmene amalume anaipanikizira ndi mafunso mpaka inapempha madzi akumwa. Azakhali anatsokomola, ine ndinati ndi fumbi. Amalume ankayang'ana nsapato zawo, ine ndinati n'kudzichepetsa. Ndiye ndinasonkhezera moto: ndinayamba kutsanzira mmene mbavayo inkayendera motsimphina potuluka m'khothi. Ndinazungulira bwalo lonse, ine mwana wa munthu, nditavala suti yobwereka.

"Kaya ili kuti lero mbava imeneyo!" ndinamaliza monyadira.

Zii. Ngakhale woika nyimbo anazimitsa zake.

Kumpando wakutsogolo, mbali ya akuchimuna, kunadzuka mkulu wina wa mkanjo woyera ndi mzuli kumutu. Anali a Saidi, bambo ake a mkwati, mwini maboti wolemekezeka kugombe konseko. Anabwera kwa ine pang'onopang'ono. Motsimphina.

Mayo ine! Chisomo anaphimba nkhope ndi chitenje. Akuchimuna ena anali atayamba kale kutola zikwama zawo. Ndinaona ukwati wa msuweni wanga ukumira, woboola bwato ndili ine.

A Saidi anatambasula dzanja, ndipo ndinawapatsa maikolofoni.

"Mwana wanga, mbava ija ndi ino," anatero modekha. "Koma injini inali imodzi. Zitatu ndikananyamula bwanji ndi mwendo uwu?"

Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka, mnzake n'kumutseka pakamwa.

"Bwanawa anandimangitsa, n'zoona, ndipo sanandinamizire ngakhale liwu limodzi. Nditatuluka kundende aliyense ankandithawa. Iwowa anabwera pakhomo panga, anakhala pamphasa, tinadya mbale imodzi. Mawa lake anakandilankhulira kwa mwini boti wina kuti andilembe ntchito. Walahi, ndinawavotera maulendo onse awiri. Khalani pansi, abale anga, tinabwerera mtsikana ife."

Amalume anadzuka n'kuwakumbatira, misozi ili mbwee. Zikwama zinabwerera pansi. Ine mbali imeneyo ya nkhani sindinkaidziwa, chifukwa amalume sankaikamba. Ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo, ngakhale ndinkalakalaka mchenga utandimeza.

Anthu atabalalika amalume anandiitanira kukhola la abakha.

"Mphwanga," anatero, "ine ndisanatsegule pakamwa m'khothi, ndinkayamba ndadziwa kuti m'chipindamo mwakhala ndani."

Banja lija lilipo, ana awiri tsopano. Koma a Saidi akangondiona kumsika amakuwa anthu onse akumva: "Loya wamng'ono! Injini zija zafika zingati chaka chino?" N'chifukwa chake ndimazungulira. Iwo sadandaula. Chambo choti andipatse amangochitumiza kwa amalume, n'kunena kuti chipite kwa mboni yabodza ija, kutanthauza ine.