Nthenga pa Ukwati wa Lusiya

Ndiulule, poti mano anatha kale ndipo manyazi alibenso pogwira. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti chilichonse chochokera ku Italy n'chodalitsidwa. Si kwawo kwa Papa kodi? Ndinkati ngakhale atambala a kumeneko amalira m'Chilatini. Uchitsiru umenewu ndiwo unandimanitsa ukwati wa mwana wanga.

Ndikadali ndi mphamvu ndinkaphikira wansembe wina wa ku Italy pa mishoni. Akatha kudya ankaika kaseti ya woimba wa kwawo, n'kumagwetsa misozi ali chikhalire. Pachikuto panali chithunzi: nkhope yoyera mbee ngati wagwera m'chigayo, nthenga kumutu, jekete yothwanima.

"Abambo, awa ndi abishopu?" ndinafunsa tsiku lina.

Anaseka mpaka kutsamwa. "Ndi woimba chabe. Anakulira mu umphawi. Ali wachinyamata ankamunyoza mumsewu chifukwa cha zovala zakezi, ena kumugenda. Lero akaimba nyimbo zopeka yekha bwalo la mpira limadzaza, agogo ndi adzukulu kulira limodzi."

Za kugendedwazo sindinazisamale (ku sukulu ndinalekezera sitandade 4, ndimasankha zomva). Atabwerera kwawo anandisiyira kasetiyo. Wailesi inafa, koma chithunzi chinakhala m'buku langa la mapemphero, pakati pa oyera mtima.

Zaka zitatu zapitazo Lusiya, mwana wanga wamkazi mmodzi yekha, anapeza banja kwa mphunzitsi wa ku Lobi. Anandipempha chinthu chimodzi: "Ababa, mudzandigwire dzanja polowa m'tchalitchi. Musadzachedwe." Ndinavomera, koma mumtima ndinati dzanja lokha n'chiyani? Ndinamupekera nyimbo, ndikumayeserera kumunda wa mbatata pamene kulibe anthu. Jekete ndinagula pa kaunjika, n'kusokerapo tizidutswa ta masidi akutha. Nthenga zinali za nkhanga.

M'mawa wa tsikulo kunali chisanu choluma makutu. Ndinauza mayi a Lusiya kuti atsogole.

"M'thumbamo muli chiyani?"

"Mphatso."

"Inu, inu," anatero, n'kumapita.

Tsopano ndikavalire kuti, poti ndimafuna kudzidzimutsa anthu? Mukudziwa kwathu kuno, mapiri tinawameta onse. Mitengo inangotsala pamalo amodzi, kumanda, ndipo mandawo ali m'mbali mwa njira ya ku tchalitchi. Zoti gule amatulukira m'menemo ndinkazidziwa, ndinabadwira pomwepa. Koma ndinati za ku Italy sizingafanane ndi zimenezo.

Ndinakanda ufa woyera ndi madzi, ndinadzipaka. Jekete, nthenga, basi. Nditamva nyimbo m'njira ndinasuzumira: amayi a kuchimuna, atavala chitenje chofanana, patsogolo asewere anga, mayi ake a mkwati, atasenza dengu la mbale zatsopano. Ndinati ndiyambire pa awa. Ndinatuluka m'mitengo manja ali m'mwamba, kukamwa yasa.

"Chilombo! Mayo, chilombo!"

Sindinaonepo amayi onenepa akuthamanga chotero. Dengu uko, nsapato uko. Munthu wanzeru akanaima. Ine ndinawathamangira (ndendende mmene gule amachitira) ndikukuwa, "Asewere, ndine! Ndine!" Iwo atamva kuti chilombo chikuwadziwa, anawonjezera liwiro mpaka anagwera m'ngalande. Mkono unamveka kuti thyo. Mpaka lero sutambasuka bwino.

Ndisanawadzutse, anandigwira amuna anayi. Eni gule enieni.

"Madala, kudambwe munalowa liti?"

Ine Mkatolika wobatizidwa ndili khanda, dambwe ndimangolimva kuti ndi kobisika kumene amakonzekera.

"Ana anga, izi si zanu. Izi n'za ku Italy."

"Italy ndi mudzi wa mfumu iti?"

Anandibwezera m'mitengo momwe muja, n'kundimangirira pamtengo ndi luzi. Za zikoti sindinena zambiri, msana wanga ndiwo umasimba kukazizira. Ndinawachonderera. Ndinati mundimenye mawa, mkuja, sabata yonse, koma lero mwana wanga akundidikira pakhomo la tchalitchi. Mmodzi anayang'ana pansi, ankamudziwa Lusiya. Wamkulu wawo anati, "Wonyoza mwambo sachoka dzuwa lili m'mwamba."

Tchalitchi sichili patali. Ndinamva belu. Kenako kunakhala zii nthawi yaitali, mpaka ndinadabwa kuti chavuta n'chiyani. Kenako kwaya inayamba. Ndinamva nthungululu, ndinamva magalimoto akuliza mahutala popita ku madyerero. Ufa unauma kumaso n'kuyamba kung'aluka, ndipo pamene panadutsa misozi panakhala phala.

Mlandu unatha moseketsa, ngati muli ndi mtima woseka. A gule anandikwapula chifukwa sindine wa gule. Akuluakulu a mpingo anandiimitsa masakramenti chifukwa ndine wa gule. Wina anajambula pafoni, ndipo ndikumva kuti ndinafika mpaka ku Joni. Apo pokha ndinafanana ndi mnzanga wa ku Italy uja. Lusiya amabwera pa Khirisimasi, amagwada, amandipatsa moni bwinobwino. Nyimbo yake sanaimvepo, ndipo sanafunsepo. Kodi ndinaphunzirapo kanthu? Kaya. Nyimboyo ndimaiimbabe kumunda.

Tsiku la ukwatilo anandimasula dzuwa litalowa. Ndinafika kunyumba ndikutsimphina, nthenga imodzi ikadali kukhutu. Mayi a Lusiya anali khale pakhonde, asanavule za ku ukwati. Ndinkayembekezera chipongwe, ndipo chikanandipepukira. Anangondiikira madzi otentha m'beseni.

"Sambani," anatero. "Lusiya tinamuuza zonse, kuti simubwera. Amalume ake anamupatsa dzanja, anakana. Anaima pakhomo la tchalitchi paja pachisanu mpaka wansembe anatuma munthu kachitatu. Ankangoti, 'Ababa abwera.' Analowa yekha."