Sabata Imene Ahedi Anabisa Gemu

Inu, tamverani. Ine pagulu mawu anga amathera pakhosi, koma nkhani ya alamu anga iyi ndikaisunga ndekha inditupitsa mimba.

Alamu angawo, amuna a achemwali anga, anasiya ntchito ya mu ofesi n'kulengeza kuti ana awo awiri aziwaphunzitsa okha kunyumba. Chipinda chodyera chinasanduka kalasi. Anagula bolodi, choko ndi kabelu, ndipo m'mawa uliwonse ankamanga tayi ngakhale kumunsi kuli kabudula ndi masilipasi. Tonse tinayamba kuwatchula kuti Ahedi, iwo n'kumavomera ndi chifuwa chonse.

Anawo ndi Loya, mtsikana amene sagonja pa mtsutso, ndi mlongo wake Kadzidzi, amene maso ake anatong'oka chifukwa cha gemu. Ee, gemu ija, kabokosi kakuda kolumikiza ku TV. Ahedi akatembenukira ku bolodi, pocheuka ankapeza akuphunzitsa mipando.

Tsiku lina achemwali, amene ndi namwino, akunyamuka kupita ku maphunziro a sabata yathunthu, anaima pakhomo chikwama chili m'manja.

"Bambo a Loya, ndibwera Loweruka. Ndikadzapeza ana awa zala zikadali pa mabatani, sukulu ino yatsekedwa. Ana abwerera kwa aphunzitsi enieni, inu mukayamba ntchito kwa achimwene."

Achimwene athuwo amamata matayala m'mbali mwa msewu, ndipo amawatcha alamu awowo kuti "Pulofesa" ndi kamawu koyabwa ngati chitedze. Ahedi anadziona m'maganizo akupopa tayala, tayi ikukwawa m'girisi, achimwene akuwalondolera ndi chala. Anawongola tayi n'kuyankha.

"Mayi, pitani ndi mtendere. Pobwera mudzapeza amisiri."

Galimoto isanathe n'komwe kukhota, Ahedi anazula gemu ija, kuiika m'katoni yake, kuizenga ndi selotepi ngati katundu wopita kutali, n'kuiponya pamwamba pa wadirobu. Kenako belu: ngee!

"Kuyambira lero tiphunzira ndi manja. Tiyamba ndi ukalipentala. Tikhoma kampando."

Dziwani kuti Ahedi chibadwire anali asanakhomepo ngakhale msomali wa kalendala. Koma munthu wa tayi safunsa.

"Mmisiri weniweni," anatero akukweza hamala, "sayang'ana msomali. Amaumva mumtima."

Pha! Hamala inapeza chala chachikulu. Amayi inu! Ahedi anazungulira bwalo lonse ndi mwendo umodzi, dzanja lili m'khwapa, pakamwa pakutuluka mphepo yokha.

"Adadi, mukuvina?" anafunsa Kadzidzi.

"Ndikuyesa ngati pansi pano pali polimba!"

Anathamangira kuseri kwa nyumba kukalira mwaulemu. Pobwerako anapeza Loya waika kapu ya madzi ozizira pa thabwa. Mwanayo sananene kuti ndi a chala, anangoyang'ana kumbali, ndipo Ahedi anaviikamo chalacho ngati mwangozi.

Kampando kaja kanatuluka ndi mwendo umodzi waufupi. Ahedi anacheka inayo kuti ifanane nawo, wina n'kufupika kuposa. Anachekanso. Anachekanso. Pofika madzulo tinali ndi thabwa labwino kwambiri lodulirapo anyezi.

M'mawa mwake, zodabwitsa! Ana analawirira m'kalasi belu lisanalire.

"Adadi, tiphunzitseni kukhoma makwerero."

Ahedi misozi inalengeza. Tsiku limodzi lokha, ana asanduka! Anawalangiza ali chapatali, chala chili m'mwamba ngati mbendera, ana n'kumayeza, kucheka, kukhoma. Makwerero anatuluka owongoka bwino. Ndi pamene Ahedi anaona Kadzidzi akuyang'ana makwerero, kuyang'ana zenera la chipinda cha wadirobu, kuyang'ananso makwerero.

"Ooh, tiana timeneti!" anatero chamumtima. "Ine ndinabadwa kale."

Anawatuma kukasamba m'manja, iwo n'kutsitsa katoni ija, kukwera nayo pa makwerero omwewo mpaka kulowa m'siling'i. Katoniyo inkalemera kuposa dzulo lake, koma anangoti ndi ukalamba.

Tsono m'siling'i, inu mukudziwa, munthu amaponda pa mitanda pokha. Ahedi ankadziwanso zimenezo. Koma khoswe wa m'menemo anabwera kudzalonjera mlendo, n'kudutsa pa phazi penipeni.

Ine ndinali kukhitchini ndikutsuka mbale. Ndinangomva phwaa! Fumbi kuti mbuu, silipasi kugwera m'sinki. Poyang'ana kumwamba, mwendo wa alamu anga uli lende, waubweya, ukupalasa mphepo ngati uli panjinga. Tandiuzani, mwendo wa alamu ako umauyankhula bwanji?

"Muli bwanji kumwambako, alamu?"

"Tili bwino, mlamu," anayankha mawu a m'denga. "Tikuyendera nyumba."

Ana anabwera, Loya n'kulamula ntchito. Kadzidzi anakankha phazi ndi tsache kuchokera pansi, mwendo n'kubwerera kwawo. Tsiku lonse lotsatira linathera pa chibowo chija. Loya anadula chigamba cha bolodi, Kadzidzi anamata ndi kupaka penti, Ahedi ali pansi akutsimphina.

"Ndinaboola dala," ankatero. "Mwana saphunzira kusoka pa nsalu yosang'ambika."

Mwambi umenewo musaufunefune kwa akuluakulu, unabadwa tsiku lomwelo.

Poona kuti ana azolowera siling'i, Ahedi anati kumwamba kwawakana, ayese pansi. Anakulunga katoni ija m'pulasitiki n'kukaikwirira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda. Analowa m'kalasi akuimba mluzu, masilipasi ali matope okhaokha. Kadzidzi anayang'ana masilipasi, n'kuyang'ana mlongo wake.

"Adadi, bwanji tilime dimba?"

Inu, ana aja analima! Anagaula kuseri konse ngati alipidwa. Ahedi ankanyadira mpaka pamene khasu la Kadzidzi linayamba kuyandikira kumpanda. Analumpha n'kulanda khasulo, kuthamangira nalo mbali ina.

"Khasu sagwira choncho! Kuno n'kumene kuli nthaka yabwino. Taonani bambo anu."

Analikweza mpaka kumsana, kulitsitsa ndi mphamvu zonse za ukalaliki. Khoo! Paipi ya madzi. Madzi anatumphuka kupitirira denga, kuwamenya Ahedi pachibwano, tayi n'kuulukira kumsana. Iwo anayesa kutseka ndi phazi, madzi n'kulowera m'kabudula. Anayesa kukhalira. Musandifunse zimene zinachitika atakhalira.

Aneba athu, bambo wachikulire amene ndi pulambala, anasuzumira pampanda, n'kubwera ndi sipanala. Anayang'ana paipiyo, imene anaiika okha chaka chomwecho, n'kunena mofatsa kuti, "Inali yotopa kale iyi. Mwachita bwino kuipumitsa." Sipanala anapatsa Loya, iwo n'kumangoloza ndi chala. Madzi atasiya, ana anati matope asapite pachabe. Anaunda mizere n'kubzala nyemba ndi tomato.

Loweruka linafika. Achemwali anatsika m'galimoto ya achimwene, amene anakawatenga, ndipo achimwenewo anatsika ndi ovololo yopindidwa bwino m'khwapa.

"Pulofesa! Ndakutengerani yunifolomu. Tayi muzimangira pamwamba."

Achemwali anazungulira nyumba. Anaona makwerero, chigamba cha siling'i, mizere ya dimba. Anaona amuna awo: chala chomanga, bondo lomanga, chimfine.

"Nanga gemu ili kuti?"

Apa ndiye Ahedi anakula. Analiza belu. Anatsogolera gulu lonse kumpanda akutsimphina mwaufumu, kufukula katoni, kuiika pa thabwa la anyezi lija, kudula selotepi.

"Sabata yonse, mayi, chinthu ichi sichinakhudzidwe ndi dzanja la mwana. Onani nokha."

Anatsegula. Munali theka la njerwa, lokulungidwa m'thaulo.

Kunali zii. Ngakhale madzi a m'paipi anamvetsera.

"Yaumatu gemuyi," anatero achimwene, akuyamba kutambasula ovololo.

Achemwali anatembenukira ana. "Loya. Yankhula."

"Tinaichotsa tsiku loyamba lomwe, amama, pamene adadi anakalira kuseri. Kadzidzi anakwera pamapewa panga."

"Sindinkalira," anatero Ahedi ndi kamawu kakang'ono.

"Ndiye mwakhala mukusewera sabata yonse, bambo anu akukwera ndi njerwa m'denga?"

Ahedi anayang'ana ovololo ija. Inali ndi girisi pamawondo. Anayamba kumasula tayi pang'onopang'ono.

"Ayi, amama!" anakuwa Kadzidzi. "Ili pansi pa bedi langa, kaioneni. Tinati tisewera adadi akagona masana, koma inasiya kukoma. Chilombo cha mu gemu sichiboola siling'i. Sichikhalira paipi. Gemu yosaka katoni adadi akaibisa ndiye yabwino!"

"Komanso adadi ankasangalala," anatero Loya akuyang'ana pansi. "Ankaimba mluzu. Tikanawauza akanasiya."

Achemwali anakatulutsa kabokosi kaja. Kanali ndi fumbi, kangaude atayambapo kale maziko. Anagwira manja a ana n'kuwatembenuza: matuza, penti m'zikhadabo, zala zonunkha dothi. Kenako anaphulika. Anaseka mpaka kukhala pansi m'matope ndi yunifolomu yoyera.

"Sukulu ipitirire," anatero akupukuta misozi. "Koma hamala azisunga Loya."

Ahedi anakokeranso tayi pakhosi, kutsokomola, kuyang'ana kumwamba.

"Ndinkadziwa kuti ndi njerwa. Imeneyo ndi njira yamakono yophunzitsira."

Palibe anawatsutsa, ngakhale Loya.

Achimwene anapinda ovololo yawo. Atafika pageti anabwerera, kuwakokera Ahedi pambali, mawu atatsika.

"Pulofesa, anga aja kunyumba nawonso maso ali pa TV tsiku lonse. Njerwayo simungandibwereke?"

Ahedi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kunyamula njerwa ija ndi manja awiri ngati satifiketi, n'kuwapatsa.

"Njerwa tengani, alamu. Koma mwendo mukagwiritse ntchito wanu."