Kanema wa a Grigori

Lolemba
A Grigori, nkhalamba ya ku Russia imene ndimaisamalira kunyumba ya okalamba kuno ku North York, andionetsa kapepala kong'amba m'nyuzipepala. Loweruka m'tauni muli kanema wa anyamata ophunzira usilikali wa pamadzi m'masiku a mafumu kwawoko. Malupanga, mphepo, zombo za matanga! A Grigori nawonso ankaphunzira zomwezo asanathawe nkhondo. "Mwana wanga, unditengeko." Ndavomera osaganiza. Zofunika: chilolezo, njinga ya odwala, bulangete, galimoto.

Lachiwiri
A matroni akuti wosaina chilolezo ndi mwana wa a Grigori wa ku Hamilton. Ndaimba foni katatu. Yankho lake: "Ndiona." Aona chiyani?

Lachitatu
Galimoto ya abambo a kutchalitchi kwathu yakana kulira, kuzizira. Njinga yapezeka, koma imangokhotera kumanzere. Tayeserera m'khonde, a Grigori akulamula ngati ali pachombo: "Kumanja! Kumanja!" Tagunda tebulo la tiyi. Makapu anayi aphwanyika. Aseka mpaka kutsokomola.

Lachinayi
Atulutsa chipewa chawo cha kusukulu ya usilikali, njenjete zinachidya kalekale. Akundiphunzitsa kuchita sawatcha, akuti dzanja langa lili ngati ndikuthamangitsa ntchentche. Kenako akutchula anzawo mmodzimmodzi. Ndafunsa kuti ali kuti masiku ano. Angoyang'ana pawindo. Chifuwa chija chikadalipo.

Lachisanu
Chilolezo chafika! Koma thupi la a Grigori latentha. Adokotala: chibayo, asatuluke. A Grigori akunong'ona: "Upite iweyo. Ukaone ngati zingwe za chombo akumanga bwino."

Loweruka
M'holo ya kanema ndili ndekha pakati pa nkhalamba za Chirasha. Mawu a Chingerezi pansi pa kanema ndi oyera, chipale chofewa chogwa m'kanemamo nachonso choyera, mawuwo osawerengeka. Zimene ndagwirapo: anyamata ndi anayi, mphunzitsi wawo ndi wankhanza, wina wagwera m'nyanja. Ngati anamuvuula sindikudziwa, kutsogolo kwanga kuli mayi wa chipewa chachikulu. Za zingwe ndingadziwe bwanji ine wa ku Dedza? Nyimbo itayamba, holo yonse ikulira. Inenso.

Lamlungu
Ndapita kukaona a Grigori titangoweruka kutchalitchi. Ali maso koma sakundizindikira. Chingerezi chawathawa, akulankhula chakwawo chokhachokha, akundiitana dzina la munthu wina. Ndakhala pambali pa bedi n'kuwafotokozera kanema yense m'Chichewa, m'nkhani yangayo mnyamata uja ndamuvuula ndekha. Akugwedeza mutu, dzanja langa osalisiya. A matroni akuti mwana wa ku Hamilton uja abwera mawa, akapeza mpata.