A Benoni M'kati mwa Siwichi Yanga

Nkhani iyi ndikaikumbuka, ndimalakalaka nditabisala pansi pa bwato lovundikira. Koma poti kwathu pa Khuyu, pa chilumba chathu chino, ngakhale mbuzi zinaimva kale, bola muimve kwa mwini wake ena asanaithire mchere.

Ine ndine Yohane, ndimakonza mafoni ku Mbamba. Chaka chatha ndinaganiza zophunzira za netiweki kuti ndilembe mayeso, mwina n'kumapezako ntchito yolumikiza wifi m'maloji. Sukulu yake ndi yosayamba munthu ngati ine, ndiye ndinati ndingodzipangira labu pakhomo. Mu laputopu ndinaikamo simyuleta, pulogalamu imene imakupatsa marauta ongoyerekeza, a pa sikirini basi. Koma olemba ntchito amafuna munthu woti anagwirapo chitsulo chenicheni. Ndinachonderera msuweni wanga wa ku Joni mpaka ananditumizira masiwichi awiri akaunjika, mabokosi achitsulo aja okhala ndi timabowo tambirimbiri tolowetsamo makebulo. Anafika pa sitima atakulungidwa m'bulangete ngati makanda.

Nyumba yathu ilibe mita yake. Magetsi timakoka ndi ekisitenshoni kuchokera kwa neba wathu, mkulu wina amene anakalambira ku Joni. Dzina lawo la ubatizo ndi ochepa amalidziwa. Tonse timangoti a Benoni, dzina la tauni ina ya ku Joniko, chifukwa nkhani iliyonse amaiyamba ndi mawu akuti, "Kuja ku Benoni." Tsiku limene ankatilola kukoka magetsi anatipatsa lamulo limodzi lokha.

"Mababu, foni, kompyuta, palibe vuto, mfana. Koma simbi ayi! Simbi imamwa mayunitsi ngati ng'ombe yochokera ku ulendo."

Ine ndi mkazi wanga, mayi a Dalitso, tinavomera ndi manja awiri.

Ndinayamba kulumikiza labu yanga. Laputopu ilibe bowo la kebulo ya netiweki, ndiye ndinagula kaadaputa ka USB. Ndinauza simyuleta kuti rauta yake yongoyerekeza izitulukira pa kaadaputa kameneko, kebulo n'kukalowa mu siwichi yoyamba, kebulo ina n'kuchoka pamenepo kupita ku yachiwiri. Siwichi yoyamba ndinaifufuta zakale zonse n'kuibatiza dzina loti Khuyu. Rauta ya pa sikirini ndinaitcha Chizumulu, dzina la chilumba choyandikana nafe. Siwichi yachiwiri ija fani yake inkalira ngati injini ya boti, ndiye ndinangoilumikiza n'kuikankhira pansi pa tebulo, ndikuti ndidzaibatiza ikadzaphunzira ulemu.

Timagetsi tobiriwira tinayamba kuphethira. Ping, kauthenga koyesera ngati makina akumvana, inachoka ku Chizumulu cha m'laputopu n'kufika pa Khuyu wachitsulo. Ndinavina ndekha pabalaza!

Chimwemwe changa sichinafike patali. Pa vidiyo ina mphunzitsi anaonetsa lamulo limene ukalilemba, siwichi imakuuza ma neighbor ake. Asanafotokoze tanthauzo lake, bandulo inandithera. Ndinati zilibe kanthu, Chingerezi ndinakhoza ku sekondale, neighbor ndi neba basi. Ndinalemba lamulolo pa siwichi yoyamba.

Mzere woyamba unati Chizumulu. Chabwino, ameneyo ndi wanga.

Mzere wachiwiri unati BENONI.

Ndinapukuta sikirini ndi malaya, ndinalembanso. Neighbor, BENONI, zilembo zikuluzikulu, opanda ndi manyazi omwe! Makina sanama. Anditchulira kuti ndi neba, anditchuliranso dzina lake. Ndikanafunanso umboni wanji?

Ndinasuzumira pazenera. Mkulu uja anali khale pakhonde pake akusenda chinangwa, nkhope ngati ya mngelo. Maso anga anatsatira ekisitenshoni ija kuchoka pazenera lawo, kudutsa pa mtengo wa mango, mpaka kulowa m'nyumba mwanga. Ndi chingwe chokhacho cholumikiza nyumba ziwirizi. Ndinamenya tebulo. Ndiye kuti chifundo chonse chija inali nyambo!

"Mayi a Dalitso, tabwerani kuno. A Benoni atihaka."

"Atichita chiyani?"

"Alowa mu siwichi yanga. Akudzera m'chingwe cha magetsi."

"Bambo a Dalitso, munthu amene amabwera kuno kuti ndimuwerengere uthenga wa pafoni?"

"Ndiye machenjera akewo! Munthu wakhala ku Joni zaka zonsezo, mukuganiza kuti anangobwerako ndi chipewa?"

Mkazi wanga anapukusa mutu. "Ine ndangonena. Mukawaputa, tigona mumdima, ndipo mayeso anu aja mukalembera pa nyali."

Mawu amenewo anandilowa ndithu. Mayeso anali pafupi, ndipo popanda magetsi a mkuluyu labu yanga inali milu ya zitsulo chabe. Komanso mu laputopu munali zinthu za makasitomala anga, zithunzi ndi manambala amene ndimasunga ndikamakonza mafoni awo. Zikanatuluka, pa chilumba pano ndikanaloza kuti? Ndinaganiza zoyamba ndafufuza mwakachetechete.

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene a Benoni ankachita chinkandinunkhira. Akakweza mlongoti wa wailesi yawo, ine ndimati akusaka siginolo yanga. Akakhosomola, ndimati ndi chizindikiro. M'mawa wina anandipatsa moni pa mpanda.

"Mwauka, mfana? Makompyuta akuyenda? Dzulo ndawamva akugwira nchito kwambiri."

Mwawamva! Ndinamwetulira ndi mano okha, mumtima ndikuti lero mwadziulula nokha.

Umboni weniweni unabwera Lachitatu. Tsiku limeneli a Benoni amapita ku Chipyela ku msonkhano wa akuluakulu a tchalitchi. Ndinatseka shopu masana n'kuthamangira kunyumba. Ndinapeza mayi a Dalitso akupinda zovala kuchipinda, ndipo anadzidzimuka pondiona, koma ine ndinalibe nthawi. Ndinalemba lamulo lija. Chizumulu analipo. BENONI kunalibe! Kuonjezera apo, siwichi yaphokoso ya pansi pa tebulo inali zii. Ndinaomba m'manja. Ndiye kuti phokoso lonse lija amakhala mkuluyu akukumba m'kati!

Ndinabwerera ku ntchito. Pobwerako madzulo ndinapeza a Benoni ali pakhonde pawo, injini ya boti ikulira pansi pa tebulo, dzina lija labwerera pa sikirini. Lachitatu lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Masiku amenewo malaya anga ankasitidwa mosalala modabwitsa, koma wapolisi wofufuza milandu ikuluikulu sayang'ana kolala.

Loweruka mtima unandikwera. Ndinajambula sikirini ndi foni n'kupita pansi pa mlambe pamene a Benoni ankasewera bawo ndi anzawo.

"Bambo, ndabwera ndi dandaulo. Ndakhala ndikukulemekezani, koma zimene mukuchita si zachikhristu."

Njere za bawo zinaima m'manja. "Ndachita chiyani, mfana?"

"Mukulowa mu siwichi yanga! Onani apa. Neighbor, Benoni. Mukapita ku Chipyela mumatulukamo, mukabwera mumalowanso."

Mkuluyo anavala magalasi, anayang'ana foni, kenako anandiyang'ana ine.

"Hawu! Jina ndi langa ndithu. Koma ine kulowa m'kabokosi? Ndi mimba iyi?"

Anzawo anagwa ndi phwete. A Benoni anatulutsa kafoni kawo ka mabatani, komangidwa ndi mphira kuti batire isagwe, n'kukaika pa bawo. "Chida changa ndi ichi. Kafufuzeni."

"Zenizenizo mumabisa m'nyumba!" ndinatero ine. Pamenepo ndikanabwerera, koma anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo manyazi amakankha munthu kutsogolo.

"Tiyeni tikaone kumene ndimakhalako," anatero a Benoni akudzuka. "Mwina ndili ndi nyumba ina imene sindikuijiwa."

Tinalowa pabalaza panga, gulu la bawo lonse pambuyo pathu, ena akusuzumira pazenera. Ndinalemba lamulo lija ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. Dzina linatulukira. Ndinapinda manja pachifuwa ngati loya amene wamaliza mlandu.

Mayi a Dalitso anatulukira kuchokera kukhitchini akupukuta manja pa chitenje. Anayang'ana sikirini, anayang'ana khamu la anthu, kenako anaseka.

"Aa, bambo a Dalitso! Kodi Benoni amene mwakhala mukusowa naye tulo ndi ameneyu? Si kabokosi kaphokoso aka? Kalembedwa Benoni kunsi kwake. Ndimaona ndikamakazula kuti ndilowetse simbi."

Ndinagwada, ndinakoka siwichi yachiwiri ija n'kuitembenuza. Kunsi kwake kunali kasitika kotuwa ndi fumbi, BENONI BRANCH. Bokosilo linkagwira ntchito mu ofesi ina ku Benoni, ndipo linabwera ndi dzina lake m'mimba. Neighbor amene makina ankanena ndi chipangizo cholumikizidwa pafupi, chimene ndinachilumikiza ndekha ndi manja angawa. Milungu yonseyi ndinkazonda siwichi yanga yomwe!

Kuseka kumene kunabuka, ndikukhulupirira kunamveka mpaka ku Yofu. Wina anachita kukhala pansi. A Benoni analandira bokosi lija n'kulisisita ngati mwana wa mlongo wawo.

"Wakwathu uyu! Mwina tinkakwera sitima yapamtunda imodzi."

Ine nkhope ili pansi, ndinayamba kupepesa. Mumtima ndinati bola zathera m'kuseka. Koma mkuluyo anasiya kuseka mwadzidzidzi n'kutembenukira kwa mkazi wanga.

"Mayi, mwati mumakazula kuti mulowetse chiyani?"

Mayi a Dalitso anayang'ana kudenga.

"Simbi, bambo. Koma Lachitatu lokha, inu mukachokapo."

"Ohoo. Ndiye ine ndimalowa m'bokosi lanu, inu mumalowa mu mita yanga."

Sanakalipe. Anaika bokosi pa tebulo mwaulemu, anatuluka, ndipo tinawaona pazenera akuyenda mwachifatse kupita kwawo. Posakhalitsa injini ya boti inatsokomola n'kuzima. Timagetsi tobiriwira tonse tinathima. Ekisitenshoni inayamba kuyenda yokha, kutuluka pazenera, kudutsa pa mango, mkulu uja akuikulunga pa mkono ngati chingwe cha mbedza.

Atamaliza anaima pa mpanda n'kuitana mokoma mtima.

"Mfana! Tayang'ananso pa kompyutapo. Ndikadali m'kati?"

Katundu wa kaunjika amabwera wobatizidwa kale, ndiye usananeneze neba, yamba watembenuza bokosi.